Offred wa m'buku ndi June wa pa kanema: chimene chinasintha The Handmaid's Tale itachoka papepala

Buku la The Handmaid's Tale limatha mayi amene wakhala akusimba nkhani yonse akukwera galimoto yakuda. Sakudziwa ngati anthu amene abwera kudzamutengawo akumupulumutsa kapena akupita naye kokamupha. Margaret Atwood, mlembi wa ku Canada amene anatulutsa bukuli mu 1985, anasiya funsolo pomwepo. Sewero la pa kanema limene Hulu, kampani yoonetsa makanema pa intaneti, inayamba kuonetsa mu Epulo 2017 linatsatira bukuli mpaka pakhomo la galimoto yomweyo, kumapeto kwa sizoni yoyamba. Kenako linatiuza kumene galimotoyo inapita, ndipo linapitiriza kusimba kwa masizoni ena asanu mpaka 2025. Magawo onse pamodzi ndi 66, koma nkhani ya m'buku inathera m'magawo 10 oyambirira.

Ndiye funso loti "kodi anatsatira buku?" silitifikitsa patali. Sizoni yoyamba inatsatira ndithu. Chimene chinasintha ndi munthu amene ali pakati pa nkhaniyo. M'buku muli mayi wamba, wamantha, amene akungoyesetsa kuti kuche ali moyo. Pa kanema pali ngwazi. Kusintha kwina konse, kwabwino ndi koipa komwe, kunachokera pamenepa.

Kwa amene sanawerenge kapena kuonera, nkhaniyi ikuchitika dziko la United States litagwa. Gulu la amuna odzitcha Ana a Yakobo lapha pulezidenti ndi aphungu, laimitsa malamulo oyendetsera dziko, n'kukhazikitsa boma lotchedwa Gilead. Ana akubadwa ochepa kwambiri chifukwa cha matenda komanso kuwonongeka kwa chilengedwe. Boma latsopanoli likuyamba ndi ndalama: akazi akuchotsedwa ntchito, maakaunti awo a kubanki akutsekedwa, zimene anali nazo zikupita m'manja mwa amuna awo kapena achibale aamuna. Pambuyo pake akuletsedwa kuwerenga ndi kulemba. Akugawidwa m'magulu, gulu lililonse ndi mtundu wake wa chovala. Akazi a akuluakulu a boma amavala zabuluu, antchito apakhomo zobiriwira, ndipo Azakhali, amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa ndi kulanga akazi anzawo, amavala zabulauni. Ovala zofiira ndi Adzakazi, akazi amene angathe kubereka koma boma lawaweruza kuti ndi ochimwa. Amenewa amatumizidwa kunyumba za akuluakulu kuti akawaberekere ana. Kamodzi pamwezi Mdzakazi amagonekedwa pakati pa miyendo ya mkazi wa mwini nyumba, mwamunayo n'kugona naye. Amati ndi mwambo wopatulika wochokera pa Genesis 30, pamene Rakele anapereka mdzakazi wake Biliha kwa Yakobo. Ndi kugwiririra basi, kungoti akuveka vesi.

Atwood anayamba kulemba bukuli mu 1984 ali ku West Berlin, khoma logawa mzinda wa Berlin lisanagwe, ndipo wakhala akunena kuti anadziikira lamulo losaikamo nkhanza iliyonse imene anthu sanachitirepo anzawo penapake. Ku Romania, boma la Nicolae Ceaușescu linaletsa kuchotsa mimba mu 1966 pofuna kuchulukitsa anthu. Ku Argentina, boma la asilikali la pakati pa 1976 ndi 1983 linkalanda makanda a amayi amene linawamanga n'kuwapereka kwa mabanja ogwirizana nalo. Chipembedzo chokhwima cha Gilead chili ndi mizu yake mwa ma Puritan a ku New England a zaka za m'ma 1600, n'chifukwa chake nkhaniyi anaiika ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, kumene mitembo ya ophedwa imapachikidwa pakhoma la yunivesite ya Harvard.

Tiyambe ndi dzina. M'buku, wosimba nkhani amatchedwa Offred, kutanthauza kuti ndi wa Fred, mwini nyumba imene watumizidwako. Dzina lake lenileni satiuza. Amanena kuti analibisa ngati chuma chimene adzakumbe tsiku lina. Owerenga ena anaona kuti kumapeto kwa mutu woyamba akazi amanong'onezana mayina awo, ndipo pa mayina onsewo la June lokha ndi limene silitchulidwanso, ndiye anati mwina ndi lake. Atwood anati sanalembe ndi cholinga chimenecho, koma amene akufuna kutero atero. Opanga sewero, motsogozedwa ndi Bruce Miller, sanazengereze. Gawo loyamba lomwelo limatha Elisabeth Moss, amene amasewera Offred, akunena mumtima kuti dzina lake ndi June ndipo akufuna kupulumuka. Ndi mathero amphamvu a gawo, palibe angatsutse. Koma taonani zimene zachitika: chimene mayi wa m'buku anabisira ngakhale ife, wa pa kanema watipatsa ola loyamba lisanathe. Kuyambira pamenepo tikuonera munthu amene Gilead yalephera kumufufuta, pamene buku linkasimba za munthu amene akufufutika pang'onopang'ono iye mwini akuona.

Offred wa m'buku amalimbana ndi boma m'njira zazing'ono kwambiri. Adzakazi saloledwa mafuta odzola, ndiye pa chakudya chamadzulo amatenga kachidutswa ka batala, n'kukabisa m'nsonga ya nsapato yake ina, usiku n'kudzola kumaso ndi m'manja. Amati malinga ngati akuchita zimenezi angathe kukhulupirira kuti tsiku lina adzatuluka ndipo wina adzamukhudzanso mwachikondi. Mwini nyumba akamuitanira mobisa m'chipinda chake chowerengera kukasewera Scrabble, masewera opanga mawu ndi zilembo, chimene chimamusangalatsa ndi kugwira zilembo m'manja, popeza zilembo ndi zoletsedwa. Kulimba mtima kwake ndi kumeneku. Ndipo pamene mnzake woyenda naye, Ofglen, yemwe ali m'gulu lachinsinsi lolimbana ndi boma la Mayday, akumupempha kuti afufuze mapepala a mkuluyo, Offred sachita. Wayamba kugona ndi Nick, woyendetsa galimoto wapakhomopo, ndipo akuvomera mwamanyazi kuti sakufunanso kuthawa. Wazolowera.

Pamenepa ndi pamene bukuli limaluma. Silikufunsa ngati Gilead ndi yoipa, zimenezo n'zodziwikiratu. Likuonetsa mmene munthu wanzeru, wophunzira, amene amakumbukira bwino moyo wakale, amakhalira mbali ya dongosolo lomwe likumupondereza. Tsiku lopachika olakwa, Offred amagwira nawo chingwe limodzi ndi Adzakazi ena, kusonyeza kuti wavomera. Tsiku limene Adzakazi apatsidwa mwamuna wonenedwa kuti anagwiririra mayi kuti amuphe ndi manja, amamva mkwiyo ukukwera m'thupi mwake, koma amene amathamangira kutsogolo ndi Ofglen, yemwe amamumenya mwamunayo kumutu kuti akomoke msanga chifukwa akudziwa kuti mlanduwo ndi wabodza, munthuyo ndi wa Mayday. Zitatha, Offred amazindikira kuti ali ndi njala, ndipo zimamunyansa. Sewero linatenga chochitika chomwechi n'kuchiika m'gawo loyamba, koma woyamba kumenya ndi June, atangomva mphekesera yoti mnzake Moira wamwalira. Kusinthaku kumaoneka kwakung'ono koma kukulosera zonse zakutsogolo. June ndi munthu wochita, ndipo mkwiyo wake ndiwo umayendetsa nkhani.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Mbali yaikulu ya bukuli ndi mayi atakhala yekha m'chipinda, akuganiza. Amakumbukira, amadzitsutsa, amabwereza. Usiku wake woyamba ndi Nick amausimba, kenako amati wapeka, sizinachitike choncho, n'kusimbanso mwanjira ina, n'kuvomeranso kuti ngakhale zimenezo si zenizeni. Za mwamuna wake Luke, amene anasiyana naye akuyesa kuthawira ku Canada, amakhulupirira zinthu zitatu nthawi imodzi: kuti anafa, kuti ali m'ndende, kuti anaoloka malire. Papepala zimenezi zimatheka. Kamera imavutika nazo, chifukwa chimene kamera yaonetsa woonera amachitenga kuti chinachitikadi. Sewero linasankha chimodzi. Gawo lachisanu ndi chiwiri limatsatira Luke mpaka kufika ku Toronto ali moyo. Mwana wawo wamkazi, amene m'buku alibe dzina ndipo timangomuona m'zokumbukira za Offred ndi pa zithunzi, monga chimene mkazi wa mkulu wabweretsa, akupatsidwa dzina loti Hannah. Moira, amene buku limamusiya atagonja m'nyumba ya mahule ya akuluakulu a boma, akuthawa n'kufika ku Canada. Ofglen, amene m'buku amadzimangirira ataona galimoto yakuda ikubwera, akusanduka Emily, mphunzitsi wa payunivesite amene ali ndi mbiri yakeyake. Ngakhale mimba ya Offred, imene m'buku amangoiganizira, pa kanema akuiyeza n'kutsimikiza.

Mipata imeneyi sinali zolakwika zofunika kukonza. Boma lankhanza limalamulira mwa kubisira anthu zimene zikuchitika, ndipo buku limatsekera wowerenga mumdima womwewo. Ukamawerenga umadziwa zokhazo zimene Offred akudziwa, umaona zokhazo zimene chisoti choyera chotchinga m'mbali, chimene Adzakazi amavala, chikumulola kuona. Woonera sewero amadziwa zambiri kuposa June. Amadziwa kuti Luke ali moyo, amalowa m'misonkhano ya akuluakulu, amapita ku Colonies kumene akazi otayidwa amakumba dothi lapoizoni mpaka kufa, malo amene m'buku timangowamva ngati chiopsezo.

Komabe pali zimene kanema anachita zomwe pepala silikanatha. Reed Morano, amene anatsogolera magawo atatu oyambirira, anaika kamera pafupi kwambiri ndi nkhope ya Moss, moti timaona milomo ikunena mawu ovomerezeka a Gilead pamene maso akunena zina. Kenako kamera imakwera pamwamba n'kuonetsa mizere ya akazi ofiira pachipale choyera, onse ofanana. Zovala zimene Ane Crabtree anakonza zinatuluka m'sewero n'kulowa m'misewu: akazi anazivala pa zionetsero ku Texas mu 2017, kenako ku Ireland ndi ku Argentina mu 2018. Sizoni yoyambayo inapambana mphoto ya Emmy ya sewero labwino koposa mu 2017, koyamba kuti mphotoyo ipite kwa kampani yoonetsa kudzera pa intaneti, ndipo inayeneradi.

Kumene seweroli linaposa buku, mmene ndikuonera, ndi pa akazi awiri amene ali mbali ya opondereza. Serena Joy, mkazi wa mwini nyumba, m'buku ndi mayi wachikulire, woyenda ndi ndodo, amene kale ankaimba nyimbo zauzimu pa TV ndi kulalikira kuti malo a mkazi ndi pakhomo. Tsopano ali pakhomopo, akuluka, ndipo Offred amaona mwachipongwe kuti zimene ankapempha zamufika koma sizikumukomera. Timamuona ndi maso a Offred okha, ndiye amakhala wowawa mtima basi. Sewero linamuchepetsa zaka n'kumupanga wamsinkhu wofanana ndi June, ndipo Yvonne Strahovski anamusewera ngati mmodzi mwa anthu amene anakonza maganizo a Gilead yomwe. Analemba buku, ankalankhula pamisonkhano, anathandiza mwamuna wake kukonza ndondomeko. Boma litakhazikika, amunawo anamutsekera panja pa chipinda cha msonkhano. M'sizoni yachiwiri akupempha kuti atsikana aziloledwa kuwerenga Baibulo, akuwerenga vesi pamaso pa akuluakulu, ndipo akumudula chala. Serena ameneyu amatha kumumvera June chisoni m'mawa n'kumuchitira nkhanza yoopsa madzulo, ndipo woonera sapeza pomuika. Azakhali Lydia nawonso, amene m'buku nthawi zambiri timawamva kudzera m'mawu awo amene Offred amawakumbukira, Ann Dowd anawapatsa thupi ndi misozi. Amakondadi atsikana awo, ndipo amawachotsa diso akalakwa. Kuzolowera ndi kutenga nawo mbali kumene buku linaika mwa Offred, sewero linakuchotsa mwa June n'kukusamutsira kwa awiriwa.

Pa nkhani ya mtundu wa anthu, seweroli linathawa. Gilead ya m'buku ndi boma la azungu okhaokha. Anthu akuda amawatcha Ana a Hamu ndipo akuwasamutsira kumadera akutali, mofanana ndi mmene boma la tsankho la South Africa linkachitira. Ayuda akuuzidwa kuti asinthe chipembedzo kapena achoke. Vuto la kubereka limene likuwadetsa nkhawa ndi la azungu. Sewero linachotsa zonsezi: Moira, Luke ndi Hannah ndi anthu akuda, ndipo pali Adzakazi a mitundu yosiyanasiyana. Miller anafotokoza kuti m'dziko losowa ana, kubereka kungapose china chilichonse, komanso kuti sanafune kupanga sewero la azungu okhaokha. Chifukwa chachiwiricho n'chomveka, ndipo Samira Wiley anasewera Moira mosaiwalika. Koma choyambacho n'chovuta kuchimeza. Gulu lachipembedzo lolanda boma ku America, lodana ndi aliyense wosiyana nalo, koma losaona khungu? M'dziko limene akazi akuda anagwiriridwadi ndi kulandidwa ana panthawi ya ukapolo? Otsutsa ambiri ananena zimenezi kuyambira sizoni yoyamba, ndipo sankalakwa.

Vuto lalikulu linadza nkhani ya m'buku itatha. Sewero lamasizoni ambiri limafuna zinthu ziwiri zosagwirizana. Limafuna kuti Gilead ikhalebe yoopsa, ndipo limafuna kuti munthu wamkulu wa nkhani asafe. M'gawo lomaliza la sizoni yoyamba, Adzakazi akulamulidwa kuponya miyala Mdzakazi mnzawo Janine, ndipo motsogozedwa ndi June akugwetsa miyalayo pansi mmodzimmodzi. Zimenezi mulibe m'buku, ndipo ndi chimodzi mwa zochitika zokhudza mtima kwambiri m'sewero lonse. Koma kuyambira pamenepo June akuchita zinthu zimene Mdzakazi wina aliyense akanapachikidwa nazo pakhoma. Akuthawa, akugwidwa, akubwerera. Akupeza mwayi wochoka ndi khanda lake koma akulipereka kwa Emily, iye n'kutsalira Hannah. M'sizoni yachitatu akutulutsa ana 86 pandege kupita ku Canada. M'sizoni yachinayi iye mwini akufika ku Canada, ndipo pamodzi ndi akazi ena amene anali Adzakazi akupha Fred Waterford, mwini nyumba uja, m'nkhalango. Nthawi iliyonse imene wapulumuka, boma lija limachepa mphamvu m'maso mwa woonera. Kuti mantha asathe, olemba ankawonjezera nkhanza kwa anthu ena omuzungulira, mpaka oonera ena anasiyira panjira akunena kuti atopa kuona akazi akuzunzidwa.

Sindikunena kuti masizoni apambuyowa alibe kanthu. Mbali ya ku Canada inafunsa mafunso amene buku silinafikeko: munthu wopulumuka amakhala bwanji ndi mkwiyo wake, dziko lolandira othawa kwawo limatopa nawo liti, ndipo maboma ena amagulitsana chiyani ndi boma lakupha. June wa kumeneko si wokoma. Amazunza anthu, amagwiritsa ntchito anzake, ndipo seweroli nthawi zina limavomera kuti Gilead yamuumba kukhala chinthu choopsa. Ndi nkhani yabwino, koma ndi nkhani ya nkhondo ndi kubwezera, ya mtundu umene timauona kawirikawiri. Ya mayi wodzola batala ija ndi yosowa.

Ndiye pali masamba omaliza a bukuli, amene owerenga ena amawadumpha poganiza kuti nkhani yatha. Galimoto itanyamuka, buku limalumphira m'chaka cha 2195, pamsonkhano wa akatswiri a mbiri yakale. Gilead inatha kalekale. Pulofesa wina dzina lake Pieixoto akufotokoza kuti nkhani imene tawerengayi sinalembedwe, inapezeka itajambulidwa pa matepi pafupifupi 30 m'bokosi lachitsulo ku Bangor, m'chigawo cha Maine. Matepiwo analibe manambala, ndiye iye ndi mnzake ndi amene anawasanja mmene anaonera kuti n'koyenera. Mutu wa nkhaniyo anaupereka ndi mnzakeyo. Pulofesayo akuseka nthabwala zonyoza akazi, omvera akuseka naye. Akudandaula kuti mayiyu sanasiye zambiri zokhudza kayendetsedwe ka boma, ndipo nthawi yaitali akuithera pofufuza kuti mkulu uja anali ndani, Waterford kapena Judd. Akuchenjezanso omvera kuti asafulumire kuweruza anthu a ku Gilead, popeza anali ndi mavuto awo.

Masamba ochepawa amatembenuza buku lonse. Amatitonthoza kuti Gilead idzagwa, koma amationetsa kuti zaka zoposa zana zitapita, mawu a mayiyu akadali m'manja mwa amuna amene sakumumva. Ngakhale dongosolo la zimene tawerenga si lake. Sewero silinatenge mbali imeneyi, ndipo silikanatha kuitenga osadziwononga lokha, chifukwa kwa masizoni asanu ndi limodzi linatiphunzitsa kukhulupirira chilichonse chimene kamera yaonetsa ndi kuima kumbali ya June. Dzina la Waterford, limene m'buku ndi kungoganizira kwa pulofesa, linakhala dzina lenileni kuyambira gawo loyamba. Chimene seweroli linachita ndi kutha June akuyamba kujambula mawu ake, iye mwini akusankha poyambira, popanda pulofesa pakati.

Chodabwitsa n'chakuti pambuyo pake buku ndi sewero zinayamba kukokerana. Atwood, amene anaonekera pang'ono m'gawo loyamba ngati mmodzi wa Azakhali akumenya June mbama, anatulutsa The Testaments mu 2019, ndipo bukulo linagawana ndi buku lina mphoto ya mabuku ya Booker chaka chimenecho. Nkhani yake ikuchitika zaka pafupifupi 15 pambuyo pa buku loyamba, ndipo osimba ndi atatu: Azakhali Lydia, mtsikana wokulira m'Gilead, ndi mtsikana wina wokulira ku Canada amene anatulutsidwa m'dzikomo ali khanda. Wowerenga amene anaonera sewero amawazindikira msanga atsikana awiriwa kuti ndi ana a June. Koma bukuli linamanganso manja a olemba sewero. Azakhali Lydia sakanatha kufa, Gilead sikanatha kugwa yonse, ndipo Hannah anayenera kukulira komweko. N'chifukwa chake June, amene anatulutsa ana 86 a anthu ena, anafika gawo la 66 asanatulutse wake.